Mmene mungakonzekerere chaka chogwira ntchito yodzipereka ndi ana ovutika ku Germany

Anthu ambiri kuno kwathu akamva za mavolontiya amaganiza za alendo ochokera ku Ulaya amene amabwera kudzaphunzitsa m'sukulu za kumidzi kapena kudzacheza ndi ana amasiye, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti ulendo woterewu umayendedwanso kuchokera kuno kupita uko. Mu 2008 unduna wa boma la Germany woona za chitukuko cha mayiko ena unakhazikitsa pulogalamu yotchedwa weltwärts yotumiza achinyamata a dzikolo kunja, ndipo mu 2013 unatsegula mbali yachiwiri yolandira achinyamata ochokera ku Africa, Asia, Latin America ndi mayiko ena a kum'mawa kwa Ulaya. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko amene achinyamata ake amaloledwa kufunsira mwayiwu, ndipo malo ambiri amene mavolontiyawa amatumizidwako ndi osamalira ana ndi achinyamata amene moyo sunawayendere bwino.

Malangizo awa ndalembera munthu amene akulingalira zopita kukagwira ntchito imeneyi. Mfundo imene ndikufuna ikhale m'mutu mwanu kuyambira tsiku lolemba kalata yofunsira malo ndi yakuti ambiri mwa ana amene mukawapeze anaonapo kale akuluakulu akulowa m'moyo wawo n'kutulukamo, ndipo inunso mudzachoka ikadzatha miyezi 12. Choncho posankha bungwe, pophunzira chilankhulo, ngakhale poganiza zojambula chithunzi, muyambe mwadzifunsa kuti mwanayo zimuthera bwanji.

Ana amene mukawapeze

Umphawi wa ku Germany suoneka ngati wa kwathu, moti volontiya amene sanakonzekere amatha kuyang'ana mwana wovala nsapato zabwino, foni ili m'thumba, n'kumadabwa kuti ameneyu akuvutika ndi chiyani. Komatu kafukufuku wa m'dzikomo wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu aliwonse amakulira m'banja losauka poyerekeza ndi moyo wa kumeneko. Mwana wotere amatha kupita kusukulu osadya kanthu, kunyumba kulibe womuthandiza ntchito ya kusukulu, ndipo anzake akamapita paulendo wa kalasi umene umafuna ndalama, iye amanamizira kudwala. Ana otere ndi amene anachititsa m'busa Bernd Siggelkow kuyambitsa bungwe la Die Arche mu 1995 m'dera la Hellersdorf mumzinda wa Berlin, kumene ana amadya chakudya chamasana chaulere, amathandizidwa ntchito ya kusukulu, ndipo amapeza munthu wamkulu wowamvetsera.

Gulu lachiwiri, limene limalandira mavolontiya ambiri ochokera kunja, ndi la ana ndi achinyamata aulumali. Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yaitali kumeneko. Malo otchedwa Bethel mumzinda wa Bielefeld anayamba mu 1867 ngati nyumba yosamalira anyamata odwala khunyu, bungwe la Lebenshilfe linakhazikitsidwa ku Marburg mu 1958 ndi makolo komanso akatswiri amene ankafuna kuti ana a ulumali wa m'maganizo aziphunzira akukhala kwawo, ndipo midzi ya Camphill, imene dokotala Karl König anaiyambitsa mu 1940 pafupi ndi Aberdeen ku Scotland atathawa ulamuliro wa chipani cha Nazi, ili ndi sukulu zake m'mbali mwa nyanja ya Bodensee kum'mwera kwa Germany. Gulu lachitatu ndi la othawa nkhondo. Mu 2015 mokha anthu pafupifupi 890,000 anafika ku Germany kudzapempha malo obisala, ambiri a iwo ochokera ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, ndipo mu 2022 kunafikanso anthu oposa 1 miliyoni ochokera ku Ukraine. Pakati pawo panali ana amene anayenda ulendo wonsewo opanda kholo. Ana otere, pamodzi ndi amene achotsedwa m'mabanja mwawo chifukwa cha nkhanza kapena kusasamalidwa, amayang'aniridwa ndi ofesi ya boma yoona za ana yotchedwa Jugendamt, ndipo ambiri amakhala m'nyumba za timagulu tating'onoting'ono pamodzi ndi owalera ophunzitsidwa bwino.

Musanasankhe, dziyeseni moona mtima. Ngati mukudziwa kuti simungathe kusintha thewera mnyamata wa zaka 14, kapena kupukuta dovu mwana amene sangathe kutseka pakamwa, nenani zimenezo pofunsira malo, chifukwa ndi bwino kukanidwa muli kuno kusiyana ndi kuthawa ntchito mwezi wachiwiri mwana atayamba kale kukuzolowerani. Njira yabwino yodziyesera ndi kugwira ntchito yomweyo kwanu kuno kwa miyezi ingapo, kaya pasukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu, kaya pa kalasi ya ana aulumali pasukulu ya pulayimale, kaya m'gulu la achinyamata la kutchalitchi kapena kumzikiti. Mabungwe olandira amafunsa kwambiri za zimenezi, ndipo kalata yochokera kwa munthu amene anakuonani mukugwira ntchito ndi ana imalemera kuposa mawu okoma a m'kalata yanu.

Njira zovomerezeka ndi mmene mungadziwire zachinyengo

Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi weltwärts, imene imalandira achinyamata a zaka 18 mpaka 28, ndipo kwa amene ali ndi ulumali malire amafika zaka 35. Simufunsira ku unduna kapena ku ofesi ya kazembe ayi. Mumafunsira kudzera ku bungwe la m'dziko lanu limene lili pa ubale ndi bungwe lolandira la ku Germany, ndipo mabungwe awiriwa ndi amene amasankha anthu, kuwakonzekeretsa ndi kuwayang'anira chaka chonse. Unduna umapereka ndalama zofika pa 75 peresenti ya zofunika, bungwe lolandira limapeza zotsalazo, ndipo ndalamazi zimalipira ndege, inshuwalansi, pogona, chakudya, maphunziro ndi kangachepe ka m'thumba. Ofesi imene imayendetsa pulogalamuyi m'malo mwa unduna ndi Engagement Global ya mumzinda wa Bonn, ndipo mndandanda wa mabungwe ovomerezeka uli pa tsamba la weltwärts la pa intaneti. Ngati bungwe limene likukulonjezani ulendo silingatchule dzina la bungwe la ku Germany limene likupezeka pamndandandawo, lisiyeni.

Njira ziwiri zinazo ndi Freiwilliges Soziales Jahr (chaka chodzipereka pothandiza anthu), imene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1964 ndipo ndi ya anthu osafika zaka 27, ndi Bundesfreiwilligendienst (utumiki wodzipereka woyendetsedwa ndi boma), imene inayamba pa 1 Julayi 2011 dzikolo litaimitsa lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali, ndipo ilibe malire a msinkhu kwa akuluakulu. M'njira zimenezi mumafunsira mwachindunji ku mabungwe monga Caritas, Diakonie, Red Cross ya ku Germany kapena Internationaler Bund. Utumiki umatenga miyezi 6 mpaka 18, koma ambiri amachita 12, mumagwira maola pafupifupi 40 pa sabata, malo a ntchito amakulipirirani inshuwalansi ya chipatala ndi ya ngozi, ndipo wosafika zaka 27 amayenera kukhala nawo pa maphunziro a masiku 25 m'chakacho. Kusiyana kwake ndi weltwärts n'kwakuti kawirikawiri tikiti ya ndege mumagula nokha, ndiponso si malo onse amene amapereka pogona. Funsani za nyumba musanasayine chilichonse, chifukwa chipinda cha lendi mumzinda ngati München kapena Hamburg chingathe kumeza ndalama yonse ya m'thumba, ndipo ofesi ya kazembe siipereka viza kwa munthu amene sizikuoneka kuti akakhala bwanji.

Pa nkhani ya madobadoba ndilankhule mosabisa. Malo a volontiya sagulitsidwa, ndipo munthu amene akukuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akusungireni malo, kapena kuti mumupatse pasipoti yanu akusungireni, kapena kuti mupite kaye pa viza ya alendo zina mukazikonzere komweko, ameneyo ndi wakuba kapena wozembetsa anthu. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulula nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito yabwino n'kukapezeka ali pa ukapolo m'nyumba za anthu ku Oman. Malawi ali ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015, choncho munthu wotere mukamunenere kupolisi. Bungwe loona limakufunsani mafunso pa kanema wa pa intaneti, limakutumizirani mgwirizano wolembedwa wokhala ndi dzina la malo a ntchito, adiresi, maola, ndalama ndi masiku a tchuthi, ndipo silikwiya mukapempha kulankhula ndi volontiya amene anagwirapo ntchito pamalopo.

Mudzaonanso makampani a pa intaneti otsatsa maulendo a masabata awiri kapena atatu okacheza ndi ana amasiye m'mayiko osiyanasiyana, wopitayo atalipira ndalama zambiri. Maulendo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Mabungwe oteteza ana akhala akunena kuti pafupifupi ana 80 mwa ana 100 aliwonse okhala m'nyumba za ana amasiye padziko lonse ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo, ndipo m'mayiko ena ana amachotsedwa dala kwa makolo osauka kuti nyumbazo zidzaze ndi kukopa ndalama za alendo, moti mu 2018 dziko la Australia linazindikira mchitidwewu ngati mtundu wa ukapolo wamakono. Ifenso kuno taona galimoto zikufika, ana akuimba, alendo akujambula, kenako fumbi lokhalokha. Mwana amene amakumbatira mlendo aliyense wofika sakusonyeza chimwemwe chabe, nthawi zambiri akusonyeza kuti alibe munthu mmodzi wokhazikika womudalira. Ngati simungathe kupereka miyezi yosachepera 6, thandizani m'njira ina imene siikufikitsani pafupi ndi ana.

Mapepala ndi chilankhulo

Malo ambiri amayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo kusankha anthu kumachitika miyezi yambiri nthawiyo isanafike, choncho yambani kukonzekera kutatsala chaka chathunthu. Yambani ndi pasipoti, ndipo onetsetsani kuti siidzatha mphamvu muli kunja. Kenako pezani kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti simunapalamulepo mlandu, imene amaipereka atatenga zidindo za zala zanu. Mukafika ku Germany malo a ntchito adzakupemphaninso kalata yawo yotchedwa erweitertes Führungszeugnis, imene imaonetsa ngati munthu anapezekapo wolakwa pa milandu yozunza ana, ndipo musadzione ngati akukukayikirani, popeza aliyense wogwira ntchito ndi ana amafunsidwa kalata imeneyi. Chinthu chimene ambiri amachiiwala ndi katemera. Kuyambira pa 1 Malichi 2020, aliyense wobadwa chitadutsa chaka cha 1970 amene akugwira ntchito kusukulu, kumkombaphala kapena m'nyumba zosungira ana ayenera kusonyeza umboni wakuti ndi wotetezedwa ku nthenda ya chikuku. Ambiri a ife kadi ya kusikelo inatayika kalekale, choncho pitani kuchipatala nthawi ilipo, mulandire katemera ndipo akulembereni umboni womveka bwino.

Viza yoyenera ndi ya nthawi yaitali, ya mtundu wa D, yosiyana ndi ya alendo ya masiku 90. Pofunsira mumapereka mgwirizano wosayinidwa, mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu, ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira kupita komanso zimene mudzachite mukadzabwerako. Kalatayi lembani nokha, m'mawu anu, chifukwa akakufunsani pamaso amadziwa msanga ngati anakulemberani wina. Funsani ofesi ya kazembe wa Germany kuti mapepalawa amalandirira kuti ndiponso kuti amatenga nthawi yaitali bwanji. Mukafika, lamulo limafuna kuti mulembetse adiresi yanu ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri.

Chijeremani ndi chimene chidzakuvuteni koposa, ndipo ndi chimene mungachikonzekere bwino koposa muli kuno. Akuluakulu ambiri amamva Chingelezi, koma mwana wa zaka zinayi sachimva, ndipo mwana wa ulumali wa m'maganizo amene amadziwa mawu ochepa chabe amawadziwa m'Chijeremani. Mwana akanena kuti m'mimba mukupweteka, kapena kuti wina wamugwira molakwika, inu n'kungomwetulira chifukwa simunamve, ndiye kuti mwamulephera pa nthawi imene amakufunani. Wailesi ya Deutsche Welle ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti otchedwa Nicos Weg oyambira gawo la A1 la ongoyamba kumene, kudutsa A2, kufika B1, ndipo amatheka pa foni. Yesetsani kufika gawo la A2 musananyamuke, ndipo pambali pa zimene zili m'maphunziromo, lowezani mawu a tsiku ndi tsiku a ana: ziwalo za thupi, chimbudzi, ludzu, kutopa, mantha, kuletsa ndi kupepesa.

Manja anu, pakamwa panu ndi foni yanu

Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo munthu wamkulu aliyense amatha kudzudzula mwana wopulupudza, ena mpaka kumutsina khutu kapena kumukwapula ndi kamtengo. Mtima wosamala mwana wa wina upite nanu, koma dzanja litsale. Kuyambira mu Novembala 2000, lamulo la Germany limanena kuti mwana ali ndi ufulu woleredwa popanda nkhanza, ndipo limaletsa chilango cha pathupi, mawu ovulaza mtima ndi chilichonse chonyazitsa mwana, ngakhale wochitayo akhale kholo lake. Kwa volontiya, kumenya kamodzi kokha, kukoka mwana mwamphamvu, kumutsekera m'chipinda kapena kumumana chakudya ngati chilango kungathetse utumiki tsiku lomwelo ndi kumufikitsa kupolisi. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lolondola, makamaka kwa ana amene anachotsedwa kwawo chifukwa cha dzanja lomwelo.

Mudzadabwanso ndi khalidwe la ana. Amakuitanani ndi dzina lanu loyamba, amakuyang'anani m'maso, ndipo amaphunzitsidwa dala kunena kuti ayi ngati sakufuna kugwidwa kapena kunyamulidwa. Umenewu si mwano, ndi njira imene amawatetezera kwa ogwirira ana. Musananyamule mwana, musanamupukute kumaso, musanakankhe njinga yake ya olumala, muuzeni zimene mukufuna kuchita ndipo dikirani kuti avomere, ngakhale atakhala wosalankhula.

Taganizirani m'mawa wa tsiku la ntchito pasukulu ya ana aulumali m'nyengo yozizira. Timabasi timafika kukadali kamdima, ndipo inu mumatsitsa njinga za olumala imodziimodzi, kumanga mabuleki musanamasule lamba, kenako kuvula ana majekete, zipewa ndi magolovesi. Pakhoma pali mzere wa zithunzi zosonyeza dongosolo la tsikulo: kuimba, chakudya cha m'mawa, kuwerenga, kupita panja. Mnyamata wina amene ali ndi autism, vuto lobadwa nalo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, amayamba wapita kukagwira zithunzizo chimodzichimodzi, ndipo mukasintha dongosolo osamuuza, amadzimenya kumutu ndi kukuwa, chifukwa zithunzizo ndi zimene zimamutsimikizira kuti tsikulo lili m'malo mwake. Pa nthawi ya chakudya mumakhala pampando wofanana ndi wa mtsikana amene mukumudyetsa, maso anu alingane ndi ake, mumatapa pang'ono ndi kasupuni, n'kudikira mpaka mwaona pakhosi kuti wameza musanatapenso. Ana ena amatsamwa ndi madzi wamba ndipo amamwa zokhazo zimene zathiridwa ufa wolimbitsa, choncho musapatse mwana chakumwa kapena chakudya chilichonse musanafunse aphunzitsi ake. Mbale imodzi ingathe kukutengerani mphindi 40, ndipo volontiya wabwino amadziwika ndi kusafulumira kumeneku.

Za khunyu muzidziwe musanapite. Nthendayi siipatsirana, kaya pogwira wodwalayo kaya kudzera m'malovu, ngakhale kuti ambiri tinakula tikuuzidwa zina. Mwana akagwa, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, ikani chofewa pansi pa mutu, musamuike kanthu m'kamwa, musamupanikize, yang'anani nthawi, itanani wogwira ntchito wamkulu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5 pamafunika ambulansi, ndipo nambala yake ndi 112. Mankhwala musapereke pokhapokha mutaphunzitsidwa ndi kulamulidwa momveka bwino. Volontiya ndi wothandizira chabe, ndipo lamulo sililola kuti alowe m'malo mwa wantchito wolipidwa, choncho mukaona kuti akukusiyirani gulu lonse la ana nokha tsiku ndi tsiku, kadandauleni ku bungwe limene linakulandirani.

M'nyumba za achinyamata mayesero ake ndi ena. Mtsikana wa zaka 15 angathe kukutukwanani pa chakudya chamadzulo, kumenyetsa chitseko, n'kukuuzani kuti inunso muchoka ngati enawo. Akunena zoona, ndipo akufuna aone ngati mubwezera kapena mumutaya. Yankhani modekha kuti mawu amenewo simukuwalola, lembani zimene zachitika m'buku limene ogwira ntchito amasiyirana uthenga, ndipo m'mawa mwake mupatseni moni monga mwa masiku onse. Achinyamata otere amakhulupirira munthu amene amabwera pa nthawi yake ndi kuchita zimene ananena, ndipo zimenezi zimatenga miyezi.

Tsiku lina mwana angathe kukuuzani chinthu choopsa chimene wina akumuchita, ndipo kawirikawiri amasankha volontiya chifukwa msinkhu wake ndi woyandikana naye. Musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni kuti mwamva, kuti iye sanalakwe, ndi kuti muyenera kuuza munthu amene angamuteteze. Musamufunse mafunso ambiri ngati wapolisi, musapite kukakumana ndi amene watchulidwayo, lembani mawu a mwanayo monga momwe wawanenera, ndipo dziwitsani woyang'anira wanu tsiku lomwelo, chifukwa malo a ntchito ali ndi dongosolo lofikira ku Jugendamt. Ana ali ndi nambala yaulere yoimbira, 116 111, imene ntchito yake ikufanana ndi ya nambala 116 ya kuno ku Malawi. Kunja kwa zimenezi, nkhani za ana sizikambidwa pabasi, kutchalitchi kapena pa foni ndi abale anu.

Foni ikhale m'chikwama pa nthawi ya ntchito. Kujambula mwana popanda chilolezo cholembedwa cha makolo kapena omuyang'anira n'kuphwanya lamulo, ndipo kwa mwana amene akubisidwa kwa kholo lankhanza, chithunzi chimodzi pa Facebook chingathe kuulula kumene ali. Musapatse mwana nambala yanu, musamulandire ngati mnzanu pa Instagram, musamupatse mphatso payekha, ndipo mukakhala naye awiriwiri chitseko chikhale chotsegula. Chikhulupiriro chanu chikulimbitseni, koma musalalikire kwa ana, popeza ena ndi Asilamu, ena ndi Akhristu a mipingo ina, ndipo ambiri mabanja awo sapemphera konse.

Kudzisamalira

Ndalama ya m'thumba si malipiro, ndipo abale auzeni zimenezi musananyamuke, kuti asadzayembekezere malata a nyumba kapena fizi ya ana onse a pabanja. Kugwira ganyu popanda chilolezo cha ofesi yoona za alendo kungakutayitseni chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mu Disembala ku Berlin dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo miyezi imeneyi ndi imene ambiri amafooka ndi kupukwa kwawo. Gulani jekete ndi nsapato zochindikala m'masitolo a kaunjika a komweko, tulukani panja masana ngakhale kukuzizira, ndipo pezani kwaya kapena timu ya mpira imene ingakukumanitseni ndi anthu ena osati a kuntchito okha. Ana ang'onoang'ono adzafuna kugwira tsitsi ndi khungu lanu chifukwa cha chidwi, ndipo muli ndi ufulu wowauza mwaulemu kuti ayambe apempha. Tsankho lochokera kwa akuluakulu, kaya ndi wantchito mnzanu kaya ndi kholo la mwana, musalipirire chamumtima, kanenani kwa mlangizi amene bungwe linakupatsani, chifukwa munthu wosweka mtima sangathe kuleza mtima ndi ana.

Kutsanzika

Kuchoka kumakonzedwa kuyambira sabata yoyamba. Ana auzeni poyera kuti mwabwera kwa chaka chimodzi ndipo mudzabwerera kwanu nyengo yotentha ikadzafika, ndipo muzibwereza zimenezi nthawi ndi nthawi, makamaka kwa mwana amene wakukondani kwambiri. Mwana wotere muzimulimbikitsa kudaliranso ogwira ntchito okhazikika, ngakhale kuti mumtima zimakoma kumva kuti amadya pokhapokha mukamudyetsa inu. Kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri, gwirizanani ndi aphunzitsi za mmene mudzatsanzikire. Kwa ana amene sadziwa kuwerenga masiku, kalendala yapakhoma imene amadulapo tsiku limodzilimodzi imathandiza kuti kuchoka kwanu kusadzawadzidzimutse. Musachoke mozemba poopa misozi, ndipo musalonjeze kuti mudzabweranso kapena kuti mudzawatenga kukaona nyanja ya Malawi. Ngati mukufuna kudzalemba kalata, idzapite ku adiresi ya malo a ntchito ndipo ikhale ya gulu lonse.

Volontiya wobwera pambuyo panu mumusiyire zolemba, zimene woyang'anira waziona ndi kuzivomereza, zofotokoza zinthu zing'onozing'ono zimene munaziphunzira movutikira: mwana amene amaopa phokoso la makina oumitsira manja, amene amafuna kuyamba ndi phazi lamanzere povala nsapato, amene amakhala chete akamva kupweteka. Zolemba zotere zimapulumutsa ana ku miyezi ya kusamvetsetsedwa.

Bwererani pa nthawi imene viza yanu ikutha. Pulogalamu ya weltwärts inakonzedwa kuti zimene mwaphunzira zikagwire ntchito kwanu, ndipo aliyense amene amazemba amachititsa kuti achinyamata a dziko lake obwera pambuyo azikayikiridwa pofunsira viza. Amene akufuna kudzaphunzira ntchito yolera ana kapena yosamalira anthu aulumali ku Germany ali ndi njira yovomerezeka yofunsira maphunzirowo, ndipo afunse mlangizi wake miyezi ingapo utumiki usanathe. Musanachoke, kafufutitseni dzina lanu ku ofesi ya mzinda, tsekani akaunti ya kubanki ndi mgwirizano wa foni, ndipo pemphani malo a ntchito akulembereni satifiketi yofotokoza mwatsatanetsatane ntchito zimene munkagwira ndi mmene munkazigwirira, popeza lamulo limakupatsani ufulu wolandira kalata imeneyi. Pemphaninso kuti ilembedwe m'Chingelezi, kuti ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lanu, bungwe loona za ana, kapena koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana aulumali ya Montfort ku Chiradzulu adzathe kuiwerenga mukadzafunsira ntchito kapena maphunziro.